Botolo Lobiriwira la kwa Mphepo

Dzina langa ndine Lameki, kwathu ndi ku Santhe. Sukulu ndinalekera Sitandade 7, osati chifukwa cha umbuli, koma ine ndi aphunzitsi tinaona kuti m'kalasi imodzi simungakhale anthu awiri olongolola. Ndakhalapo kondakitala, ndakhalapo venda wa fodya, ndagulitsapo mankhwala a makoswe amene makoswewo ankanenepa nawo. Munda wanga ndi pakamwa. Koma nkhani iyi ndikamaifotokoza, pakamwa pomwepo pamauma gwa.

1

Mkazi wanga Feliya ndi namwino. Musandifunse chimene namwino anaona pa ine, funso limenelo apongozi anga analifunsa kale mpaka anatopa nalo.

Pobadwa mwana wathu Tiyamike, Feliya anachitidwa opaleshoni ndipo bala linavuta. Ankamubaya jekiseni wopha ululu wotchedwa petidini. Ululu unatha, koma chibaba chinatsala. Atabwerera kuntchito, makiyi a kabati ya mankhwala ankakhala m'thumba mwake, ndiye zotsatira mukhoza kuziona nokha. Tsiku lina masana anzake anamupeza atakomoka m'chipinda chosinthira zovala, jekiseni ali pambali pake.

Bungwe loyang'anira anamwino silinamufufute m'kaundula. Linamuika m'manja mwa Sisitala Annette, mayi wamkulu wa kuboma amene amathandiza anamwino ogwa m'dzenje lotere. Feliya atachira pang'ono, mayiyo anatiitana tonse awiri.

"Tcherani makutu," anatero. "Feliya sagwira wodwala, sabaya jekiseni, sasunga makiyi, sakhudza mankhwala amphamvu. Ndikaimba foni, abwere tsiku lomwelo adzayezetse mkodzo. Ntchito afune ndithu, koma ikhale yopanda mankhwala, ndipo bwana wake adziwe zoona zake zonse. Akaphonya kamodzi, unamwino watha, ndipo nkhani ya mankhwala anasowa aja ipita kupolisi."

"Nanga wanga mkodzo simukuufuna, Sisitala?" ndinatero pofuna kupeputsa zinthu.

Sanaseke. "Kwa inu ndikufuna pakamwapo. Muzipatseka."

2

Chaka chimenecho makuponi a feteleza anatidumpha. Chimanga chathu chinatuluka chachikasu ngati chadwala, ndipo m'nyumba munalibe wolandira malipiro.

Feliya anayenda. Anapita kusukulu ina yapulaiveti cha ku Mtunthama kumene ankafuna mayi woyang'anira ana ogonera. Anapita kubungwe logawa maneti a udzudzu. Anapita ngakhale kwa anthu ofuna mlembi wolemba odzayezetsa magazi. Konseko akaona mapepala ake ankamulandira ndi manja awiri, tiyi n'kubwera. Akangonena zoona zake, nkhope zinkasintha tiyi asanazizire.

"Tikuimbirani, mayi."

Foni imene inkalira inali ya Sisitala Annette basi, yofuna mkodzo. Feliya anayamba kukhala duu pakhonde, maso ali kutali. Kukhala kumeneko ndinkakudziwa, ndipo kunkandiopsa kuposa njala.

Ndiye tsiku la msika ndinapeza a Cornelius Mphepo, eni esiteti ya fodya wa bale kuseri kwa Santhe, akudandaula pa bawo. Makampani ogula fodya anali atawauza kuti paesiteti pakhale munthu wophunzitsa matenanti za ukhondo, za zimbudzi, za kusamala popopera mankhwala a mbozi, ndi kuchotsa ana m'munda. Apo ayi, fodya wawo sagulidwa.

"Bwana, munthu ameneyo amandiphikira kunyumba," ndinatero. "Namwino weniweni, wa mapepala."

"Namwino angafune chiyani kutchire kwanga? Anasiyiranji kuchipatala?"

"Msana, bwana. Kunyamula odwala. Anthu a masiku ano akudya kwambiri."

Anaseka, n'kutilemba tonse awiri: iye wa zaumoyo, ine wosankha fodya m'chigafa, shedi ya udzu yoyanikamo masamba. Anatipatsa kanyumba pafupi ndi nyumba yawo yaikulu.

"Munawauza zonse?" anandifunsa Feliya.

"Zonse. Akuti bola musabe fodya."

Sisitala Annette atamva anati adzabwera kudzaonana ndi bwanayo mvula ikadzatha, popeza msewu wa kumeneko nthawi ya dzinja umasanduka phala. Ine mumtima ndinati mvula isathe msanga.

3

Ntchito inamuyenera. Ankayenda m'mizere ya nyumba za matenanti ndi gambutsi, kukangana ndi azibambo osafuna kukumba zimbudzi, kulanda zigubu za mankhwala a mbozi zimene amayi ankatungira madzi. Akamupempha jekiseni ankati, "Ine wanga jekiseni ndi sopo." Masaya anabwerera. Anayambanso kundinyoza, chizindikiro choti munthu wachira.

Fodya atayamba kuthyoledwa, a Mphepo anatiitanitsa kunyumba yaikulu. Pakhonde panali mlongo wawo, a Fainala, manja ali m'chiuno. M'chipinda cham'kati munagona mayi awo, agogo Lusiya, amene khansa inali itawadya m'mimba. Kuchipatala anali atawabweza kuti akathere kunyumba.

A Mphepo anatulutsa botolo la pulasitiki. M'katimo munali madzi obiriwira.

"Awa akuti ndi mofini, wopha ululu," anatero. "Amayi azimwa nthawi ndi nthawi, mlingo wake analemba pabotolopo. Amayi anamwino, sungani ndinu, muziwamwetsa ndinu."

Mofini ndi petidini ndi ana a mimba imodzi.

"Bwana," anatero Feliya ndi mawu aang'ono, "bwanji asunge achibale?"

A Fainala anayamba ndi kutsonya. "Achibale ati? Kuno dzanja limene lamwetsa wodwala komaliza ndi limene limatchulidwa pamaliro. Ine ndinakangana nawo amayi za dimba, ndiye ndiwamwetse lero, amwalire mawa, anthu ati chiyani? Alamu angawa, akazi a achimwene, ndi mtengwa, angayerekeze? Botolo limeneli lisagone n'komwe m'nyumba muno. Inu ndinu obwera, ndiponso ndi ntchito yanu. Kapena unamwino wake ndi wa zimbudzi zokha?"

A Mphepo anali akupereka botolo ndi manja awiri. Manja a Feliya anali kumbuyo, atagwirana zolimba. Ndinalumpha n'kulandira ine.

"Ndinyamule ine, bwana. Amayiwa paja msana."

Tili m'njira sanandiyang'ane.

"Simunawauze."

"Amake Tiya, imvani kaye..."

"Simunawauze, bambo a Tiya. Mwanditengera njoka m'nyumba. Ndikubwerera ndikanene."

Ndinamugwadira pakati pa mizere ya fodya. Ndinamukumbutsa za tiyi wozizira uja, za chimanga chachikasu, za Tiyamike amene tinamusiya kwa agogo ake. Ndinati tidikire fodya apite ku okushoni, tipezeko poyambira. Botolo ndizisunga ine, ndizimwetsa ine, iye azingoima pakhomo n'kumandiuza mlingo. Sadzaligwira ngakhale ndi chala.

Pamapeto pake anavomera. Mwa zinthu zonse zimene pakamwa panga panagulitsapo, chimenechi ndiye chinali chowola kwambiri.

4

Poyamba zinayenda. Ndinkayeza mankhwala ndi kajekiseni kopanda singano n'kuwathira agogo m'kamwa, Feliya ali chilili pakhomo. Ululu ukatsika, agogowo anali munthu wa nthabwala.

"Wabwera dokotala wa mabelo," ankatero. "Iwe, mankhwala akowa ndi owawa ngati nkhope ya Fainala."

"Owawawo ndiye ochiza, agogo. Muchira, ndikukwatirani ine."

"Ndi makutu amenewo? Bola ndife."

Koma kunyumba kwathu kunalibe nthabwala. Feliya anasiya kudya. Ankatuluka thukuta kunja kukuzizira. Ine botolo ndinkalisinthasintha pobisa ngati hule wosintha mayina.

Tsiku lina ndinabwera masana kuchokera kuchigafa n'kumupeza atakhala pansi panja, padzuwa, atatsamira khoma. Chitseko anali atachimanga ndi linya mfundo pamwamba pa mfundo. Manja anali atawakhalira.

"Lili mu gambutsi yanu yakumanzere," anatero osadzutsa mutu. "Dzulo linali kudenga. Dzana linali m'thumba la mphale."

Ndinamufunsa, "Mwaligwira?"

"Sindinaligwire. Koma likundiitana ndi dzina langa, bambo a Tiya. Ndikamaphunzitsa amayi kusamba m'manja, ndimakhala ndikulimva. Sindikudziwa ngati mawa ndidzamange chitseko chimenechi."

Ndinakayesa kwa a Fainala kuti botolo lizigona kwawo. Anandithamangitsa ngati ndabweretsa chithumwa. Kuchigafa sindikanalisiya, ana a matenanti amakwera paliponse, ndipo chinthu chobiriwira m'botolo kwa mwana ndi chakumwa.

Madzulo amenewo ndinaganiza kwambiri. Ndipo ine ndikaganiza kwambiri ndi pamene zinthu zimaonongeka.

5

Sipanapite masiku, agogo Lusiya anasintha. Nthabwala zinatha. Anayamba kubuula, kenako kukuwa, kukuwa kwake komveka mpaka kuchigafa, moti amayi osoka fodya ankaleka ntchito n'kumayang'anana. Ndinkawamwetsa mlingo womwewo, koma zinali ngati ndathira madzi pamwala.

"Matenda akula," anatero a Mphepo, maso ali ofiira.

M'mawa wotsatira Feliya anaima pakhomo monga mwa masiku onse, koma ulendo uno anayang'anitsitsa. Agogo ankayasamula mosalekeza. Misozi ndi mamina zinkangotsika. Khungu lawo linali litachita tsemwe ngati la nkhuku yososola, miyendo ikungopalasa pamphasa. Anali atadziipitsira.

Feliya anandikokera kuseri kwa khitchini.

"Si khansa yokha iyi. Chimenechi ndi chibaba. Thupi lawo linazolowera mankhwala, ndipo tsopano silikuwalandira."

"Ndikuwamwetsa inu mukuona!"

"Ndiye kuti m'botolomo mulibe mankhwala. Ine ndimadziwa, ndinagonapo pamphasa ndikupalasa choncho." Anaima. Nkhope yake inachita chinthu chimene sindidzaiwala. "Bambo a Tiya, mundiuze zoona. Kale lija ndinkachita zinthu n'kudzuka osazikumbukira. Ndinkatulutsa mankhwala m'timabotolo n'kuthiramo madzi. Kodi pali tsiku munandipeza nditasintha? Maso anga, kalankhulidwe kanga? Kodi ndine?"

Ankandiyang'ana m'maso.

Ndinati, "Sindikudziwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga foni, n'kukwera pachulu pamene pamagwira netiweki. Ndinamumva akuti, "Sisitala, ndine Feliya. Ndikufuna mundiyeze lero. Mwina ndagwa." Atatsika sanayang'ane kumbali, analunjika pakhonde pamene panakhala a Mphepo.

6

Anagwada, n'kunena zonse. Za petidini, za chipinda chosinthira zovala, za malamulo a Sisitala, za msana umene sunadwalepo. Anamaliza ndi kuti, "M'botolomo ndikukhulupirira kuti muli madzi. Amayi akuvutika chifukwa cha zimenezo."

A Fainala anaika manja kumutu. "Mayo ine! Achimwene, mwatilembera chidakwa cha majekiseni! Wamwa mankhwala a amayi! Anthuni bwerani mudzaone, namwino wamwa mankhwala a munthu wakufa!"

Anthu anakhamukira kuchokera kuchigafa, manja ali akuda ndi phula la fodya. Ena anali atatola mitengo yopachikira fodya kuti ikhale zibonga. Amayi amene dzulo lake ankamutcha "anamwino athu" anayang'ana pansi. M'nyumba agogo ankakuwabe.

"Wamwa kapena sunamwe?" anafunsa a Mphepo. Ulemu wa "amayi anamwino" unali utatha.

"Sindikukumbukira, bwana. Koma m'nyumba mwathu munthu wa khalidwe limeneli ndine ndekha."

"Tobias!" anaitana dalaivala wawo. "Liza lole. Apite kupolisi."

Ine ndinali pakati pa anthu. Ndinkadziuza kuti ndingokhala chete, mkodzo udzamuyeretsa wokha. Ndinkayang'ana zibonga zija.

Feliya anaimirira. "Nditengeni, bwana. Koma lole iyambe yadzera kuchipatala, mukatenge botolo lina, amayi asafike madzulo ali chonchi." Kenako anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza. "Bambo a Tiya, mukamuuze Tiya kuti amayi apita ku kosi."

Apo ndiye ndinalephera kupirira.

"Sanamwe!" Mawu anatuluka ngati a mbuzi. "Sanaligwire n'komwe. Ndine."

Owerenga, ndakubisirani mpaka pano monga ndinamubisira iye. Madzulo aja ndinaganiza kwambiri aja, ndinatenga botolo n'kukakhuthulira mankhwala onse m'chimbudzi. Ndinathiramo madzi a pamjigo, kala wobiriwira wa mafilizesi amene ndinagula pa kantini, ndi mapanado osinja kuti aziwawa. Ndinachita monga tinkachitira pa uvenda: pamwamba pa belo fodya wokongola, pakati zinyalala, bola diso la wogula likhute. Ndinkati Feliya akagonja n'kumwa, amwe madzi. Za agogo ndinadziuza kuti mankhwala ndi chikhulupiriro, nkhalamba ikaona chobiriwira ndi chowawa mtima ukhala pansi. Atayamba kukuwa ndinadziwa chimene ndachita, koma mantha anandimanga, ndipo ndinapitiriza kuwathira madzi m'kamwa ndikuwatchula mkazi wanga.

Ndinanena zonsezi pakhonde paja. Kenako mbama ya a Mphepo inandigwetsa, ndipo zibonga zinapeza ntchito. Dzino ili mukuona palibe linatsala kumeneko. Ndili pansi ndinasuzumira pakati pa miyendo ya anthu kuti ndione ngati Feliya angandileretse. Anali akukwera lole yopita kuchipatala, kumbuyo, osacheuka.

7

Mkodzo unatuluka woyera. Botolo latsopano linafika dzuwa lisanalowe, ndipo agogo anagona tulo. Sisitala Annette anabwera yekha m'matope momwemo, n'kuwakhazika pansi a Fainala.

"Mayi anu anakumwetsani phala osaopa kuti anthu ati chiyani," anawauza. "Gwirani botololi."

Analigwira. Agogo Lusiya anamwalira fodya asanapite ku okushoni, ali m'tulo, ndipo palibe anatchula dzanja la munthu. Ine kumaliro anandiletsa.

Kupolisi sanandipititse. Osati chifukwa cha chifundo: a Mphepo anadziwa kuti kukhoti adzafunsidwa chifukwa chimene mankhwala a mayi awo ankagonera kwa wantchito. Anangondipatsa mpaka madzulo kuti ndichoke paesiteti.

Feliya bungwe linamuwonjezera nthawi yoyang'aniridwa, chifukwa botolo linagona m'nyumba mwake iye osanena. Koma silinamufufute, poti anadziimbira foni yekha. A Mphepo anamusunga pantchito, akuti munthu wodzinenera yekha mlandu sapezeka pamsika. Ntchito imene ndinaipeza ndi bodza, iye anaisunga ndi zoona zomwe ndinkati zimuchotsetsa.

Ndikumanga katundu wanga anabwera n'kuima pakhomo. Ndinayesa kumwetulira ndi milomo yotupa.

"Amake Tiya, zonsezi ndinachitira inu."

"Ndikudziwa," anatero. "Za kukhuthula mankhwala, tsiku lina mwina ndidzati unali umbuli wa munthu wamantha. Za agogo mukapepese kwa Mulungu, si kwa ine. Koma ndinakufunsani, Lameki. Ndinali nditaima pamphepete pa dzenje, ndinakufunsani ngati ndine. Munandiyang'ana m'maso n'kunena kuti simukudziwa. Mukudziwa chimene ndinaganiza ndili pachulu paja? Ndinati ngati ndagwa kale, bwanji ndingomaliza."

Chikhalireni m'banja anali asananditchulepo dzina langa.

Lero ndili ku Santhe, ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa pamsika. Ankhoswe akhalapo kangapo. Feliya sakana, savomera. Tiyamike anamutenga, akukhala naye kuesiteti, ndipo amandilola kukamuona Lamlungu, panja, pampando.

Inu amene muli ndi wanu kunyumba amene akulimbana ndi chibaba, kaya cha mowa, kaya cha mankhwala, ndikudziwa mmene mumagonera khutu limodzi lili tcheru. Mudzafuna kumubisira, kumunamizira kwa abwana, kumutchingira njira iye osadziwa, ndipo mudzazitcha chikondi. Ine ndinatero. Ndinkaona ngati mkazi wanga ndi dzira loti ndiliyendetse m'thumba, pamene iye ndi amene anali ndi mphamvu yomanga chitseko n'kukhala padzuwa. Wofooka m'nyumba muja anali wina. Munthu wotere chimene watsala nacho ndi kudzikhulupirira pang'ono kumene wakutola movutikira. Akadzakufunsani kuti "kodi ndine?" inu mukudziwa yankho, muyankheni, ngakhale anthu atanyamula zibonga.